Njoka yanga itakanika kufundula m'chisanu cha ku Zomba

Linali Loweruka m'mawa, pakati pa Julayi, chiperoni chitakuta phiri lonse moti ukaima pakhomo pathu ku Matawale sumaona ngakhale mtengo umodzi wa paini. Mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali mu Sitandade 5, ndiye anayamba kusuzumira m'bokosi. Ndili kusamba kumaso ndinangomva akukuwa kuchipinda: "Adadi, tabwerani msanga! Nkhata yang'ambika!"

Sikuti inang'ambika. Inali itafundula usiku, koma osati monga tinazolowera. Tinkayembekezera khungu limodzi lalitali lokhala ngati sokosi yovula motembenuza, koma m'bokosimo munali tizidutswa tokhatokha, mbwee, ngati makoko a mtedza wokazinga. Pathupi pake panatsala zigamba zotuwa, china pakhosi, zina pamsana, ndipo diso lakumanzere linkaoneka ngati lapakidwa phulusa. Njokayo inangodzipinda pakona, mutu itaubisa pakati.

Nkhata ndi kansato kakang'ono ka mtundu umene pa Chingerezi amati ball python. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zimene anthu amaweta zinachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ilibe ululu, ndipo ikakula imangofika mita imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Ikaopsedwa siithamangira kuluma, imangodzikulunga ndi kubisa mutu, n'chifukwa chake ana anga anaitcha Nkhata, poti imafanana ndi nkhata yosenzera mtsuko. Inandipeza kudzera mwa mphunzitsi mnzanga wochokera kunja, yemwe pobwerera kwawo anasowa woisiyira. Poti ine ndimaphunzitsa bayoloje kusekondale, anati ndine ndingathe. Anandisiyira bokosi, mapepala ake, ndi mawu ochepa: mbewa imodzi pakatha masiku 10, madzi oyera, ndipo isazizidwe.

Ndinene msanga kuti Nkhata si nsato ya kwathu kuno, imene imatha kupitirira mamita 4 ndipo imameza mbuzi. Imeneyo musaigwire n'kumati mukuweta. Nsato zonse zili pamndandanda wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo lamulo lathu la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, sililola munthu kusunga nyama zakutchire mwachisawawa. Ofuna kuweta njoka ayambe wafunsa ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Palinso anthu oyandikana nawo nyumba. Kwathu kuno munthu wosunga njoka amamuganizira kuti ngokhwima, ndipo ine zinanditengera miyezi kuti mayi akunyumba avomere kuti bokosi lilowe m'chipinda chimene ndimakonzeramo maphunziro. Ndinakadziwitsa eni nyumba ndi amfumu a m'dera lathu ndisanamve mphekesera. Ndimakhulupirira kuti zimenezi zinapulumutsa njokayo kuposa mankhwala aliwonse.

Inabwera mu Disembala, mvula ili pakati. Kuyambira pamenepo mpaka mu Meyi inafundula katatu, ndipo ulendo uliwonse khungu linkatuluka lathunthu kuyambira kumlomo mpaka kunsonga ya mchira. Ndinkapita nalo kukalasi kukaonetsa ana a Folomu 2, ndikudziona ngati katswiri. Kunena zoona, imene inkagwira ntchitoyo ndi mvula ya ku Zomba, ine sindinkachitapo kanthu.

Kufundula kumayamba masiku ambiri khungu lisanachoke. Poyamba mawanga aja amazilala, njoka n'kumaoneka ngati yagona pafumbi, ndipo kumimba kumafiirira pang'ono. Kenako maso amachita mtambo, kutuwa ngati madzi otsukira mpunga. Apa n'kuti thupi latulutsa timadzi pakati pa khungu lakale ndi latsopano kuti ziwirizi zilekane. Njoka ilibe zikope, siphethira. Diso lililonse limaphimbidwa ndi kakhungu koonekera, kamene kunyumba kwathu timangoti kagalasi, ndipo nakonso kamachoka limodzi ndi khungu lonse. Masiku amene maso ali mtambo, njoka siona bwino, imakana chakudya, ndipo ngakhale yofatsa ikhoza kukujompha. Pakapita masiku atatu kapena anayi maso amayeranso. Ambiri amanamizika apa, n'kumaganiza kuti zatha kapena zalephereka, chikhalirecho kufundula kwenikweni kumadza patapitanso masiku ena ochepa. Njoka imakhuza mlomo pa mwala kapena pamtengo mpaka khungu litseguke, n'kuyamba kukwawa kutulukamo, khungulo likutembenuzika. Zonse pamodzi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Yaing'ono imene ikukula imafundula pafupipafupi, mwina mwezi ndi mwezi, pamene yaikulu imatero kangapo pachaka.

Timadzi tija ndiye pagona nkhani. Njoka ikakhala ndi ludzu, kapena mpweya ukakhala wouma, timaphwa msanga, khungu lakale n'kumatiriranso palatsopano. Kutchire mtundu wa Nkhata umaswera m'mauna a makoswe ndi m'mabowo a pachulu, momwe mumakhala chinyezi ngakhale kunja kuli ng'amba. Ine ndinkadziwa zimenezi za m'buku, koma sindinazilumikize ndi bokosi limene linali m'nyumba mwanga.

Juni atafika, usiku kunayamba kuzizira monga mukudziwira kuzizira kwa kuno, kuja kolowa m'mafupa. Choyezera kutentha chinkaonetsa madigiri 15 m'chipindamo m'bandakucha, pamene njoka imeneyi imafuna mbali imodzi ya bokosi ikhale pa madigiri 31 kapena 32, ina cha m'ma 26. Ndinagula babu lalikulu, lija lakale lotentha, n'kulipachika pamwamba pa chivundikiro cha waya wa sefa, likuyaka usana ndi usiku. Magetsi akazima ndinkabweretsa mbaula pafupi, chinthu chimene sindidzachitanso, chifukwa utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha munthu ndi njoka yomwe. Masiku omwewo ndinasinthanso zoyala pansi. Akalipentala ena a ku Mpondabwino anandipatsa thumba lodzaza ndi utuchi wa paini mwaulere, ndipo ndinakondwa poona kuti m'bokosi mwayera komanso mukununkhira. Paini kuno ndi wosasowa, phiri lathu ladzala yemweyo. Koma utuchi wake umayamwa chinyezi chonse, ndipo fungo limene ife timalikonda lija ndi mafuta amene amapweteka njoka m'mapapo ndi pakhungu. Wa mkungudza ndiye woipitsitsa.

Chimene chinandisocheretsa kwambiri ndi chiperoni. Panja pali nkhungu, zovala sizikuuma pachingwe, ndani angaganize za kuuma? Komatu mpweya wozizira umanyamula madzi ochepa, ndipo ukautenthetsa ndi babu umasanduka wouma gwa. Mpweya wotenthawo unkakwera n'kutulukira pawaya uja, kutenga kachinyezi konse kamene kanalimo. Kunja kunali nkhungu, m'bokosi munali Okutobala.

Loweruka lija ndinachita chinthu chimene chimandiwawabe mumtima. Ndinaitulutsa njokayo, n'kuiika pamiyendo, n'kuyamba kusenda zigamba zija ndi zikhadabo, zili zouma. Zina zinkachoka mosavuta ndipo ndinalimba nazo mtima. Koma nditafika pa chigamba cha pakhosi chinakana. Ndinakoka. Nkhata inagwedezeka thupi lonse n'kutulutsa mpweya mwamphamvu, ndipo pamene ndinachotsapo panatsala pofiira, mamba awiri atatukuka. Mwana wanga anati, "Adadi, mukuipweteka." Ndinamuyankha kuti ndikuithandiza. Iye ndiye ankanena zoona. Ndinaibweza m'bokosi lomwe lija, pa utuchi womwe uja, pansi pa babu lomwe lija. Kumchira sindinayang'aneko n'komwe, chifukwa maso anga onse anali pa zigamba zikuluzikulu.

Mlamu wanga atamva anati, "Alamu, khungu louma mankhwala ake ndi mafuta, ipakeni Vaseline." Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo ndinamvera. Mafutawo sanalowe pansi pa khungu lakale. Anangomata utuchi thupi lonse, njoka n'kuoneka ngati chigumu chogwera mumchenga, ndipo pabala paja panalowa zinyalala. Ena anandiuza za parafini, mwamwayi pamenepo ndinakana. Parafini, mankhwala opopera udzudzu ndi sopo wochapira zisayandikire njoka.

Kumayambiriro kwa Sepitembala maso anachitanso mtambo. Ndinati mwina ulendo uno zikhala bwino, poti chisanu chapita. Zinaipiraipira. Khungu lofundula ulendo uno linakakamira pansi pa zotsalira za mu Julayi, ndipo madzulo ena ndikuisinthira madzi ndinaona kuti nsonga ya mchira yada bii. Nditayang'anitsitsa ndi tochi ya foni, ndinapeza kamkombero ka khungu louma katazinga mchira ngati mphira yomangira tsitsi, pamwamba pake patatupa pang'ono. Kamkomberoko kanali katakhala pamenepo milungu isanu ndi iwiri. Khungu lakale likamauma limafinya, njoka ikukulabe, ndiye magazi analeka kufika kunsonga. Pamchira, pamene thupi ndi lopyapyala, izi sizichedwa.

M'mawa mwake ndinaiika m'kathumba ka nsalu, kathumbako m'chikwama, n'kukwera kabaza kupita kwa dokotala wina wa ziweto. Sindinamuuze wakabaza chimene ndanyamula. Adokotala nditawafotokozera anayamba aima chapatali, kenako anati, "Aphunzitsi, ine zanga ndi mbuzi, agalu ndi nkhuku. Koma chilonda ndi chilonda, itulutseni tione. Mutu mugwire ndinu." Anaunika mchira nthawi yaitali. Ananyowetsa kamkombero kaja ndi thonje la madzi ofunda kwa mphindi zambiri mpaka kanafewa, n'kukakankha pang'onopang'ono kulowera kunsonga mpaka kanavuka. Anandiuza mosabisa kuti nsongayo yafa kale, iuma n'kuthothoka yokha, ndipo ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti kuwola kusakwere. Anandipatsa ayodini woti ndizisungunula m'madzi mpaka aoneke ngati tiyi wosapsa bwino, ndizitsukira pamalopo tsiku lililonse, ndipo anati utuchi uchoke lero lomwe, ndiyale nyuzipepala.

Nditawafunsa za diso, ndinawauza zimene ndinawerenga pa intaneti, zoti ena amamata selotepi padiso n'kukoka, ena amagwiritsa ntchito kopanira. Anapukusa mutu. "Mukadziwa bwanji kuti chimene mukukokacho ndi chakale? Mukazula chamoyo, diso lapita." Anandiuza kuti ndilisiye, ndizingodonthezapo madzi a m'maso aja ogula kufamase, opanda mankhwala ena, ndi kudikira kufundula kotsatira. Ndimawathokoza bambo amenewo chifukwa sanadzionetse ngati odziwa zonse za njoka, koma zimene ananena zinali zoona.

Kunyumba ndinayamba kunyika njokayo m'madzi, ndipo ndifotokoze bwino chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ndinagula kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro, n'kuboola timabowo ndi msomali wotentha. Pansi ndinkayala kathaulo kuti njoka ipeze pogwira, chifukwa ikamaterereka imachita mantha n'kumalimbana ndi kutuluka. Madzi ndinkathira ochepa, ongofika pakati pa thupi, msana uli pamtunda. Njoka imatha kusambira, koma yotopa m'madzi akuya ikhoza kumira. Kutentha kwa madzi kukhale madigiri 28 mpaka 30, ndipo muyeze ndi choyezera, osati ndi dzanja. Thupi lathu limatentha madigiri 37, choncho madzi amene ife timati ofunda bwino, osambitsira mwana, kwa njoka ndi otentha mopitirira. Oyenera amamveka ngati sakutentha, sakuzizira. Ndinkatseka, n'kukhala pambali mphindi 20 osachokapo.

Tsiku loyamba, itangolowa m'madzimo, Nkhata inaviika mlomo n'kuyamba kumwa. Ndinkaona timinofu ta m'mbali mwa mutu tikugunda, ikumwa osalekeza mwina mphindi ziwiri zathunthu. Mbale yake ya madzi inali m'bokosi masiku onsewo, koma inali kambale kakang'ono, pansi penipeni pa babu, madzi ake ofunda ndi odzaza utuchi. Ndinakhala chete pampando paja, manyazi atandigwira.

Ikatuluka m'madzi ndinkatenga thaulo lina lonyowa, lokhakhala, n'kuligwira m'manja awiri ngati ngalande, njoka n'kumadutsamo yokha. Ine kwanga kunali kungofinya pang'ono. Khungu lofewa limayamba kupindika lokha n'kutsalira pathaulo, lotuwa, lonanda ngati pepala lonyowa. Nthawi zonse muzitsata kumene mamba agonera, kuchokera kumutu kupita kumchira. Pakakana, siyani, mawa n'tsiku. Zigamba za pamsana zinachoka tsiku loyamba lomwelo. Cha pakhosi, pamene panali bala, chinatenga masiku anayi. Pomaliza ndinkagwira mchira pakati pa zala ziwiri zonyowa ndi kuupotokola pang'ono kuti ndione ngati patsala kanthu, ndipo ndimaterobe mpaka lero ulendo uliwonse ikafundula, ngakhale khungu litatuluka lokongola chotani. Ndimayang'ananso pansi pa mchira potulukira chimbudzi, ndi timaenje ta pamlomo wam'mwamba timene imamvera kutentha kwa mbewa, chifukwa namonso mumatsalira tizidutswa.

Mayi akunyumba anaika lamulo lawo, ndipo ndi labwino: kontena ndi mathaulo a njoka asafike kukhitchini kapena kubafa kwa ana, madzi ake akatayidwe kuchimbudzi, ndipo aliyense wogwira njoka asambe m'manja ndi sopo. Njoka zambiri zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'matumbo popanda izo kudwala, koma mwana tikamulowa amatsekula m'mimba koopsa.

Kunyika kumangochotsa zimene zakanirira kale. Chimene chinathetsa vutoli ndi mphika. Ndinapita kumsika waukulu wa Zomba, kwa amayi ogulitsa mbiya, n'kusankha mphika wadothi wapakamwa potambalala, wosapaka kanthu. Amayiwo anafunsa, "Bambo, wophikira nyemba kapena wamadzi?" Ndinangoti wa ntchito ina. Kunyumba ndinaswa pang'ono m'mphepete kuti pakhale khomo, n'kupala ndi mwala kuti pasakhale pakuthwa, n'kuuvundikira m'bokosi chakumbali yofunda. Mkati ndimaikamo kansalu konyowa kofinya bwino, koti ukakapotokola sikadontha. Dothi limamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, monga mtsuko umachitira thukuta, ndiye mkatimo mumakhala ngati muuna. Kunja kwake n'kokhakhala, koyenera kukhuzirapo mlomo. Usiku woyamba womwewo Nkhata inalowamo, ndipo masiku a mtambo situlukamo.

Chivundikiro cha waya ndinachiphimba ndi thabwa lopyapyala mbali yaikulu, n'kusiya mpata woti mpweya uzilowa. Babu lalikulu ndinalichotsa n'kuika laling'ono, lotchingidwa kuti njoka isaligunde n'kupsa. Magetsi akazima ndimathira madzi otentha m'chigubu, n'kuchikulunga ndi thaulo, n'kuchitsamiritsa kunja kwa bokosi. Mbale ya madzi tsopano ndi yaikulu, yoti njoka yonse ikhoza kulowamo, ndipo ndimasintha madzi tsiku lililonse. Mnzanga wopita ku Blantyre anandigulira kachipangizo koyezera chinyezi. Tsiku limene ndinakayesa m'makonzedwe akale aja kanaonetsa 35 peresenti. Mtundu umenewu umafuna 55 kapena 60 masiku wamba, ndipo maso akachita mtambo ndimakweza kufika cha m'ma 70. Kachipangizo kameneka ndikanakagula tsiku loyamba, mchira ukanakhalapo wonse.

Walira mvula walira matope. Nditaona kuti chinyezi ndiye mankhwala, ndinayamba kuwaza madzi paliponse m'bokosi, m'mawa ndi madzulo, nyuzipepala n'kumakhala chinyowere. Mvula itayamba mu Disembala ndinapeza mamba ena a kumimba achita bulauni m'mphepete, ngati dzimbiri. Kumeneko ndiko kuyamba kwa kuwola kwa mamba, ndipo kukakula kumatulutsa matuza. Njoka imafuna mpweya wachinyezi, koma pogona pakhale pouma. Ndinaleka kuwaza, n'kusiya mphika wokha ndi mbale ya madzi, ndipo madontho aja anachoka ndi khungu lotsatira. Kuno ku Zomba bokosi limodzimodzi limafuna kusamalidwa mosiyana katatu pachaka: m'dzinja kutsegula kuti mpweya uziyenda, m'chisanu kusamala ndi babu, ndipo mu Okutobala kunyowetsa kansalu ka mumphika kawiri patsiku.

Ngati mwakonza zonsezi koma njoka ikufundulabe zidutswazidutswa, yang'anani tizilombo. Pali tina tating'onoting'ono takuda, tonga utitiri wa nkhuku, timene timabisala m'mphepete mwa maso ndi pansi pa chibwano, n'kumayamwa magazi. Njoka yokhala nato imaswera m'mbale ya madzi, ndipo pansi pa mbaleyo mumaona timadontho takuda ngati tsabola wopera. Mukaipukuta ndi kansalu koyera konyowa timaonekera. Mankhwala ake afunseni adokotala, chifukwa ambiri amene timathira nkhuku ndi agalu amapha njoka. Kuonda, zipsera zakale ndi kuzizidwa nazonso zimalepheretsa kufundula. Ndipo mukaona mchira wada, diso latupa, mafinya, kapena njoka ikupuma ndi kukamwa koyasama, kunyika sikuthandizanso, pitani nayo.

Nsonga ya mchira inathothoka patatha milungu itatu, kachidutswa kotalika ngati njere ya mpunga iwiri, kouma. Ndinakapeza panyuzipepala m'mawa. Pamalopo panapola bwino, koma mchira wa njoka suphukanso ngati wa buluzi. Mpaka lero Nkhata ili ndi mchira wobuntha, ndipo mtunduwu umakhala zaka 20 kapena 30, choncho ndidzauona nthawi yaitali.

Diso ndilo linandiyesa kwambiri. Milungu isanu ndi umodzi ndinkaliona lili lotuwa, lamakwinya, zala zikundiyabwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinkadziuza mawu amenewa madzulo aliwonse ndikamadontheza timadzi tija. Pambuyo pake ndinadzamva kuti diso la njoka yaludzu limathanso kuchita kakwinya kapena kulowa pang'ono popanda kagalasi kakale, ndipo anthu ena achititsa khungu njoka zawo pokoka chinthu chimene sichinali chotsalira. Njira yotsimikiza ndi kutenga khungu lofundulalo, kutambasula mbali ya kumutu, n'kuwerenga timagalasi. Tikakhala tiwiri, maso ali bwino ngakhale akuoneka motani.

Chiyambireni kudziwika kuti ndimasunga njoka, anthu amandiitana akaona ina pakhomo. Tsiku lina anyamata anandithamangira kuti kuseri kwa mulu wa njerwa kuli njoka yakhungu, yodwala, ndikaithandize monga ndinathandizira yanga. Inali mphiri, maso ali mtambo. Sinkadwala, inkangoyembekezera kufundula, ndipo mphiri yosaona bwino imaluma chilichonse chimene chaigunda. Zonse ndalemba pano ndi za njoka yoweta, yopanda ululu, imene mukuidziwa mtundu wake. Ya kutchire imadzipezera yokha una wachinyezi, musaiyandikire. Ena amabwera mwakachetechete madzulo kudzapempha khungu lofundula, ati awatuma asing'anga. Ndimakana mwaulemu, chifukwa ndikangopereka kamodzi, mbiri ija ndinaizimitsa movutikira idzayakanso, ndipo idzathera pa mutu wa Nkhata. Makungu onse ndimapita nawo kusukulu. Anganga a nyumba yoyandikana nafe, omwe poyamba sankaponda pakhomo pathu, tsiku lina anapempha kuti aione ali pazenera. Anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Nanga kumchirako anaidula ndani?" Ndinawauza kuti ndine, chifukwa cha kusadziwa.

Kufundula kumene tinkadikira kunafika kumapeto kwa Okutobala, usiku wotentha woti ngakhale chinsalu sufunda. Cha m'ma 10 koloko ndinamva kukhwekhwereza m'bokosi. Ndinadzutsa mwana uja, tinayatsa tochi n'kuiphimba ndi dzanja. Nkhata inali ikukhuza mlomo pakhomo la mphika, uku ndi uku, mpaka khungu la mlomo wam'mwamba linatukuka n'kupindikira kumbuyo ngati chipewa. Kenako inayamba kuzungulira mphikawo pang'onopang'ono, ikufinya thupi, ikutuluka yakuda ndi yagolide, yonyezimira ngati yapakidwa polishi. Zinatenga pafupifupi theka la ola, ndipo palibe anaigwira.

M'mawa tinatenga khungulo likadali lofewa, n'kulitambasula pakhonde. Linali lalitali kuposa njoka yake, poti limatamuka pofundula. Mwana wanga anatembenuza mbali ya kumutu mosamala ndi kamtengo ka machesi, n'kuiyang'anitsa kudzuwa limene linkatulukira cha ku Chilwa. Kumanja kunali kagalasi kamodzi, koyera. Kumanzere kunali kokhuthala, ndipo atakakhudza ndi kamtengo kaja kanagawikana: katsopano kamodzi, ndi tiwiri takale, ta mu Julayi ndi mu Sepitembala, titamatirira mkati mwake. Anathamangira m'nyumba kukaitana amayi ake kuti adzaone, ine n'kupita kukatsuka mphika ndi kusintha kansalu.